Msana wa Bambo a Ana

Bambo a ana anga sankalola fumbi kugona pa nsapato zawo. Akangoyenda pang'ono ankaima n'kuzipukuta ndi kansalu koyera ka m'thumba.

Boma litabweretsa mapaipi a madzi m'dera lathu, linanena poyera kuti kukumba ndi kwathu. Banja lililonse likumbe ngalande ya kutsogolo kwa nyumba yake, apo ayi mpopi sufika pakhomopo. Tsiku loyamba lomwelo bambowo anagwira m'chiuno.

"Mayi a ana, msanawu undipha. Adokotala anandiletsa kuwerama."

"Adokotala ake ati? Omwe aja anakuletsani kutunga madzi?"

Ndinakumba ndekha, dothi lake lamiyala, mpaka manja anatuluka matuza. Nditamaliza ndinapita kumunsi kukabweza piki kwa achimwene anga. Pa mpanda wa mayi wa saluni ndinaona nsapato zonyezimira zitakolekedwa bwinobwino. Eni ake anali m'ngalande, malaya atavula, matope mpaka m'mawondo, akuponya fosholo ngati mnyamata. Mayiyo anali ataima pamwamba, atawagwirira kapu ya madzi ndi kansalu kaja.

"Msana wachira?" ndinafunsa.

"Ndikungothandiza, mwamuna alibe awa."

"Ali naye. Pitirizani, apo mwakhotetsa."

Nditafika kunyumba ndinatsitsa chikwama chachikulu. Mwana wanga wamkazi anafunsa ngati tikupita kwa agogo.

"Ndikumbe ine, madzi amwe wina? Ife tikhala pompano."

Ndinalongedza malaya a bambo ake, mathalauza ndi polishi yemwe, n'kukaika chikwamacho panja, tsidya lina la ngalande yanga.