Magaloni Awiri a Marlys

"Ine injini ya dizilo ndimaimva ndi khutu," anatero a Lyle Brandvold, atanyamula kapu ya khofi ngati chikho cha mpikisano. "Oyilo akachepa imandiuza yokha."

Tinagwedeza mitu. Bamboyu anatha zaka makumi anayi akuzula anthu mano ku Fargo, ndipo khutu lakumanzere linagontha kalekale.

Chaka chilichonse timathawa chisanu n'kudzaimika mabasi athu ogonamo m'chipululu cha Arizona. Mu Malichi timabwerera kumpoto pamdipiti, ndipo wotsogolera ndiye amagwira wailesi yolankhulira. A Lyle anaigwira zaka zisanu ndi chimodzi. Akazi awo, a Ardis, ankati amagona nayo.

Mwa ife munali a Marlys Okerlund, amene amuna awo anamwalira chaka chathachi. Maliro atangotha, anafunsa a Lyle kayezedwe ka oyilo. A Lyle anayankhira pagulu: "Mayi, gulitsani basiyo mugule mpando wa ndalema. Malemu aja anathawa mafunso ngati amenewa." Ena tinaseka. A Marlys anapita kukawerenga buku la injini.

Kutatsala tsiku limodzi kuti tinyamuke, a Lyle anapita kukatunga madzi. Pobwera anaimika basi yawo pachitunda, n'kuzimitsa injini, nthawi yomweyo n'kusolola kachitsulo koyezera oyilo. Aliyense wa ife amadziwa kuti basi imaima pamalo osapendekeka, ndipo umadikira mphindi khumi ndi zisanu kuti oyilo atsike. Ukapupuluma, kachitsulo kamakunamiza kuti wachepa.

"Mwaona? Ndinamva ine," anatero. "Ndani ali ndi oyilo?"

Tinalipo anthu khumi ndi awiri pamipando yathu yopinda. Palibe anatsokomola.

"Ndili naye, adokotala," anatero a Marlys. Anabweretsa galoni, a Lyle n'kukhuthulira yense.

"Akwana ameneyo?" anafunsa a Marlys mwaulemu. "Inu ndiye odziwa."

"Bweretsani wina, mayi. Muziphunzira."

Anabweretsa. A Ardis anayang'ana m'kapu mwawo ngati mwagwera ntchentche. Ine ndinaganiza zolankhula, koma khofi wanga akanazizira.

M'mawa mwake tinayenda mamailosi makumi atatu okha. Basi ya a Lyle, imene inali patsogolo, inayamba kufuka utsi, ikulavula oyilo kumbuyo. Kagalimoto koyera ka a Ardis, kamene basiyo inkakoka, kanada bii. Tonse tinakhotera pabwalo la sitolo ina yotsekedwa.

"Injini za masiku ano n'zachabe," anatero a Lyle, oyilo akudontha pansi. "Wachepanso."

"Dikirani kaye, adokotala," anatero a Marlys. Anayang'ana wotchi. Tinaima padzuwa mphindi khumi ndi zisanu zathunthu, a Lyle akutifotokozera za mafakitale. Kenako a Marlys anasolola kachitsulo, n'kupukuta, n'kubwezera, n'kusololanso. Ngakhale wina anali atatayikira mumsewu, oyilo anapitirirabe chizindikiro chapamwamba ndi zala zinayi. Kachitsuloko kanayenda m'manja mwa aliyense ngati chithunzi cha mdzukulu.

"Munaona dzulo, nonsenu?" anafunsa a Lyle. Mawu anali atachepa.

"Tinaona, achimwene," ndinatero. "Tinkaphunzira."

Makaniko amene tinamuimbira anati afika mawa lake, ndipo za mtengo anangoseka. Kudikira sitikanatha, malo ogona kutsogolo tinali titalipira kale. A Marlys anatambasula dzanja. A Lyle anatiyang'ana mmodzimmodzi, aliyense akuonetsetsa matayala ake, kenako anapereka wailesi ija.

"Za oyilo musavutike kubweza," anatero a Marlys. "Tathana."

A Ardis anatulutsa chikwama chawo ndi mphaka, n'kukwera basi ya a Marlys.

"Ardis, ine nditsala ndi ndani?"

"M'firiji muli masangweji," anatero a Ardis, n'kutseka chitseko.