Tsiku Limene Likhweru Sanali Wantchito

Ku khonsolo kwathu kuli tsiku limene otola zinyalala amakhala kuti si antchito. Limabwera kawiri pa chaka. Kontirakiti ya waganyu ikatha pa miyezi isanu ndi umodzi amamupumitsa tsiku limodzi, mawa lake n'kusaina ina. Amatero kuti munthu asadzanene kuti wagwira ntchito mosadukiza n'kuyamba kufuna kulembedwa yokhazikika. Waganyu akavulala kontirakiti ili moyo, khonsolo imamupatsa kalata yopita nayo ku chipatala cholipira. Akavulala pa tsiku lopumalo, zake zimenezo.

Koma zinyalala sizidziwa kontirakiti. Kumsika zikagona tsiku limodzi, ntchentche zimachita ukwati. Ndiye tsikulo likayandikira, bwana woyang'anira antchito amandiitana ine kapitawo n'kunena chapansipansi, "Pezani anthu anayi a mawa. Osalemba penapake, osaimba foni. Pitani nokha kunyumba zawo." Ndakhala ndikupita zaka zisanu ndi zinayi.

Ulendo umenewu ndinapita kwa Likhweru, mlamu wanga, mlongo wake wa mkazi wanga. Ndinamupeza yekha pakhomo akusoka jombo yake ndi waya. Majombo atsopano alipo ku sitolo ya khonsolo, koma amatuluka kukabwera alendo, alendo akapita amabwereranso m'makatoni.

"Alamu, mawa si ndine bwana ine? Ndigona mpaka dzuwa lindiwotche kumapazi," anatero akuseka.

"Bwana wopanda jombo. Tiye ukandithandize, msika wokhawokha, pofika masana tamaliza."

"Mukundinyengerera ngati mukufunsira mlongo wanga kachiwiri. Chabwino, ndibwera."

Dzina la Likhweru analitengera pa lole yathu. Kumbuyo kwake kuli chitsulo chachikulu chimene chimatsika n'kukankhira zinyalala mkati. Pambali pake pali batani lofiira loimitsira chitsulocho, koma linafa kalekale. Ndinalemba malipoti atatu, onse anakagona m'kabati. Chitsulocho chinatsala chongoimitsidwa ndi dalaivala kutsogolo, ndipo dalaivala kumbuyo saonako. Amadalira khutu. Mlamu wanga ankaika zala ziwiri za dzanja lamanja m'kamwa n'kuimba likhweru lomveka kudutsa phokoso la injini. Kamodzi, tsitsa. Kawiri, imitsa. Batani la khonsolo linali iyeyo.

M'mawa umenewo, kuseri kwa msika, thumba la magalasi osweka linakola pakamwa pa lole. Likhweru analowetsa dzanja kuti alikoke. Mwana wina wa pamsika, amene ankakonda kumutsanzira, anaimba likhweru kamodzi. Dalaivala anatsitsa chitsulo. Woti aimbe kawiri panalibe, chifukwa zala zoimbira zinali pansi pa chitsulocho. Ndinathamanga kukamenya chitseko cha dalaivala ndi zibakera, koma lole yathu ndi yaitali.

Tinamukulunga dzanja ndi shati langa n'kuthamangira naye ku chipatala cholipira, kumene kuli dokotala wolumikiza mafupa ndi mitsempha. Mayi wa pa windo anatifunsa kalata ya khonsolo. Ndinaimbira kalaliki wathu. Anayankha mofatsa ngati akuwerenga nyengo, kuti m'buku mwake lero mulibe wantchito wotero. Tinanyamuka kupita ku chipatala chachikulu, kumene anamumanga mabandeji n'kumugoneka m'khonde, pa mzere wa anthu odikira dokotala mmodzi.

Mawa lake bwana anandiitana mu ofesi. Pa tebulo panali fomu, pambali pake cholembera chotsegula kale. Anandipatsa mpando, chinthu chimene sanachitepo.

"Kapitawo, funso ndi limodzi. Munthuyu anaitanidwa ndi ndani?"

"Bwana, mukudziwa."

"Ine ndikudziwa zolembedwa. Mukalemba kuti munamuitana ndinu, kalata ituluka lero lomwe, chifukwa ndiye kuti anali pa ntchito ya khonsolo. Komanso ndiye kuti inu munakweza munthu wopanda kontirakiti pa galimoto ya khonsolo. Mlandu umenewo ndi wochotsedwa ntchito, ndipo khadi la chipatala mumasiya pa geti." Anandiyang'ana. "Mayi kunyumba akupeza bwanji ndi shuga uja?"

Ndinafuna kumulavulira. Ndikunena zoona, malovu anadzaza m'kamwa. Koma khadi limene ankanenalo linali m'thumba langa, laling'ono, lobiriwira, lokhala ndi chithunzi changa ndi cha mkazi wanga. Ndi limene limatitengera timabotolo ta jakisoni amene ndimamubaya m'mawa uliwonse. Chaka chimene ndinali ndisanalembedwe yokhazikika anakomoka kawiri, ndipo phazi lake linatsala pang'ono kudulidwa. Ndinagwira njakata. Akuluakulu amati mutu ukakula sulewa nkhonya, koma wanga unalewa.

Ndinalemba kuti anabwera yekha, mwa kufuna kwake, ine osadziwa. Anzake atatu aja anasaina pansi panga monga mboni. Sindikuwada. Makontirakiti awo atsopano anali pa tebulo lomwelo, osasainidwa, bwana atawapsinja ndi chigongono.

Dokotala anafika kwa Likhweru tsiku lachitatu. Pamenepo n'kuti zala zitada, fungo likumveka munthu asanafike pa bedi. Anadula mkono pamwamba pang'ono pa dzanja kuti zisapitirire.

Ndinakamuona atatuluka. Anali atakhala pa mpando pakhomo, dzanja la shati atalipinda n'kulimanga ndi pini. Jombo ija inali pakona, waya akadali lende. Mkazi wake anandipatsa madzi n'kulowa m'nyumba. Ndinayamba kukamba za mvula, za mitengo ya zinthu, zopusa zokhazokha. Anandisiya ndilankhule mpaka mawu anandithera.

"Alamu, fomu ija anandiwerengera," anatero.

Ndinayang'ana pansi.

"Musavutike. Akanandifunsa ine kuti dzanja kapena mlongo wako, ndikanapereka dzanja. Chimene chikundiwawa n'chakuti simunandifunse. Munabwera kudzandipempha tsiku langa lopuma, koma dzanja munangotenga."

"Ndikhululukire, mlamu."

"Mlongo wanga sindimuuza, shuga wake angakwere. Mkazi wanganso ndamuletsa. Koma inu pakhomo pano musapondenso. Ndikakuonani ndimamva zala zikuyabwa, pomwe zala zake palibe."

Ndinabwerera wapansi ngakhale basi inalipo. Ndinadzida, ndipo mpaka lero ndimadzida.

Ku ntchito anatumiza chikalata choti aliyense azisamala pogwira ntchito, ndipo anachimata pa chitseko cha sitolo ya majombo. Batani silinakonzedwe. Bwana anati ndifufuze pakati pa aganyu wina wodziwa kuimba likhweru. Ndinamupeza, bambo wa ana atatu, koma likhweru lake ndi lofooka, dalaivala amachita kutulutsa mutu pa windo. Miyezi isanu ndi umodzi yakwananso sabata ino. Dzulo bwana anandiitana, ndipo madzulo ndinayenda makomo anayi.

Lero m'mawa ndinatulutsa kabotolo, n'kukoka mankhwala mu jakisoni monga mwa masiku onse. Mkazi wanga anakhala pa bedi n'kukweza bulauzi pamimba. Anali atapita kwa mlongo wake dzulo, anakamupeza akuphunzira kumanga zingwe za nsapato ndi mano.

"Abambo, achimwene anga aja si munthu wodzuka yekha kupita ku ntchito tsiku lopuma," anatero. "Amakonda tulo ngati mphaka. Alipo anawaitana, akungomubisa. Inu ndinu kapitawo, simungamudziwe?"

"Khala bwino, ndingakulase molakwika."

"Ine ndimapemphera tsiku lililonse. Ndimathokoza Mulungu chifukwa cha inu ndi khadi lanuli. Ndipo ndimamupempha kuti amene anawaitana achimwene anga tsiku limene lija, dzanja lake liume."

Ndinatsina khungu la pamimba pake ndi zala ziwiri. Dzanja langa lamanja linkanjenjemera, nsonga ya jakisoni ikuvina. Iye analigwira ndi manja ake onse awiri, n'kulikhazika mpaka ndinamaliza kumubaya.