Chipewa cha Kuseri kwa Chitseko

"Choka pawindopo, mwana wanga, akuona," anatero mayi ake.

Mwana wamkaziyo sanachoke. Kutsidya kwa msewu kunaima amuna oposa makumi awiri, onse m'maovolosi a kufakitale ya zitsulo kumene malemu bambo ake ankagwira ntchito. Mwambo wawo unkadziwika: mnzawo akamwalira amazimitsa makina, n'kudzanyamula bokosi pamapewa mpaka kumanda. Makina anazimitsadi. Koma msewu sanawoloke.

Zaka khumi ndi chimodzi zapitazo, onse atanyanyala ntchito, bambo ake okha analowa pageti. Ankati ng'anjo ikazizira ing'aluka, ndipo aliyense adzasowa pobwerera. Kuyambira tsikulo palibe amene anawalankhulanso.

Amalume analowa m'chipindamo akupukuta thukuta.

"Abusa akudikira kumanda. Onyamula tilipo atatu: ine, mwamuna wa mwana wakoyu ndi msana wanga wothyokawu. Tiitane lole basi."

"Ayi, achimwene," anatero mayi. "Apite pa lole ngati thumba la simenti, anzawo akuonerera? Zaka makumi atatu ali pang'anjo paja!"

"Nanga titani, mlongo? Ndikawagwadire?"

Mwana wamkazi uja anayang'ananso panja. Amunawo sankayang'ana nyumbayo. Ankayang'anana. Wina akasuntha phazi, maso onse ankagwera pa iye, ndipo phazilo linkabwerera. Ngakhale a Ndevu, wowotcherera wamkulu amene kale ankadya ndi bambo mbale imodzi, ankangokanda phula ndi nsapato.

"Ndikupatsani mphindi zisanu," anatero amalume, atagwira kale foni.

Potembenuka, mwana wamkaziyo anaona chipewa cha bambo pamsomali kuseri kwa chitseko. Mlomo wake unali utatha mbali imodzi yokha, pogwira zala. M'mawa uliwonse, podutsa anzawo pageti, bambo ankachikweza n'kunena, "Mwadzuka bwanji, anzanga?" Zii. Mawa lake chimodzimodzi. Tsiku lina iye anawafunsa kuti amadzivutiranji.

"Moniwo ndi wanga," anayankha. "Kuyankha ndi kwawo."

Mwana uja anachotsa chipewacho pamsomali.

"Ukupita kuti?" anafunsa mayi.

Iye anatuluka m'chipindamo. Anadutsa pakati pa olira n'kukaima m'mphepete mwa msewu. Njinga inadutsa. Anaika zala pamene panatha paja, n'kukweza chipewacho m'mwamba. Mawu anatuluka aang'ono.

"Mwadzuka bwanji, anzanga?"

Zii. Wina anatsokomola. Mnzake anaweramitsa mutu.

A Ndevu sanayang'ane kumanzere kapena kumanja. Anavula chipewa chawo pang'onopang'ono, n'kuchigwira pachifuwa ndi manja onse awiri.

"Tadzuka," anatero. "Tadzuka, mnzathu."

Kenako anaponda msewu. Kumbuyo kwawo, zipewa zinayamba kutsika chimodzichimodzi.