Tsiku Lopanda Nambala

Komatu owerenga sangadandaule, Ramsey ankadziuza choncho, pakuti pa zaka khumi ndi chimodzi zimene wakhala akulemba za makompyuta pa bulogu yake — kudzutsa seva ikafa, kusunga mafayilo magetsi akamazimazima — obwerako anali anyamata a m'maofesi ofuna yankho lachangu, osati oti n'kumufunsa chifukwa chake wasintha. Tsopano bulogu ikhala ya mvula ndi mapiri: kusonkhanitsa deta ya mvula ya m'matauni a Blantyre, n'kuphunzitsa pulogalamu ya AI kuti izichenjeza okhala m'munsi mwa phiri nthaka isanagumuke. Nkhani yoyamba anaimaliza atangobwera ku Misa. Unatsala mzere umodzi wokha wa deta yoti alowetse mu pulogalamuyo, ndipo dzuwa linapendeka iye ali pa mzere womwewo.

Kope la malemu mkazi wake, Anastasia, linali pambali pa laputopu. Zinayamba ngati masewera: Ramsey anadula botolo la Sobo, kumatapo rula, kulimangirira pampanda wa nyumba yawo ku Zingwangwa kuti liziyeza mvula, iye apeze cholemba pa bulogu, ndipo patatha sabata ziwiri zinamukwana, koma Anastasia ayi. Zaka zinayi, m'mawa uliwonse asanakoleze mbaula, ankatuluka, kuwerenga madzi, kukhuthula, kulemba. 4. 17. 31. Ngakhale ziro ankamulemba, ati tsiku louma nalonso ndi la Mulungu.

Lamulungu, pa 12 Malichi 2023, sanalembe nambala. Analemba mawu amodzi: yasefukira.

Pulogalamu inaukana mzerewo. Inati imeneyi si nambala, n'kupereka njira ziwiri mwaulemu wake uja wopanda nkhope: kuchotsa tsikulo, kapena kuikapo nambala yoyerekeza kuchokera ku masiku oyandikana nalo. Ndipo si iye yemwe, kale pa bulogu yomweyi, analangiza anthu kuti deta yosalongosoka musamaimvere chisoni, ingoichotsani? Koma kuchotsa ndiye kuti makinawo aphunzire chaka chimene munalibe Lamulungu lija, ngati kuti Anastasia sanaime pakhomo, chitenje chili chonyowa, n'kunena kuti, "Botolo lanu lija lachepa," ngati kuti iye sanayankhe maso ali pa sikirini kuti, "Tiika lalikulu," — osadzutsa mutu, Ambuye, osadzutsa n'komwe mutu — ngati kuti mkaziyo sanatenge ambulera kupita ku Chilobwe kukatenga mayi ake, poti madzi anali atayamba kulowa m'nyumba mwawo. Kodi anamuuza kuti adikire mvula ikate? Masiku ena amakumbukira bwinobwino akunena, mawu ake akuwamva; masiku ena amaona kuti anangoganiza mumtima, pakamwa pali potseka, ndipo palibenso wina amene analipo woti amufunse. Matope anatsika m'phiri la Soche iwo asanabwerere. Anawapeza Lachitatu.

Nanga kuikapo nambala? Rula inathera pa 150. Akalemba 150, makinawo aphunzira kuti imfa imayambira pamenepo, chikhalirecho mwina mvula inagwa yoposa kawiri, kapena katatu, ndani akudziwa. Ndipo tsiku lina mayi wina wa ku Chilobwe adzagona kapena kuthawa potengera nambala imene Ramsey anangoipeka Lamulungu masana, n'kuiika pansi pa dzina la munthu amene moyo wake wonse sanalembepo chimene sanachione. Anayesa kupemphera, koma pempherolo linathera pa dzina lokha. Chimene ankafuna sichinali nzeru. Ankafuna kuti Anastasia alowe, apukute mapazi pachiguduli kawiri monga mwa chizolowezi chake, awerame paphewa pake n'kumuuza kuti madziwo anasefukira nthawi yanji, usiku kapena m'bandakucha, anawapeza akadali kudontha kapena atadikha — zimene akanamuuza tsiku lomwelo, akanafunsidwa.

Ramsey analembanso mawu a Anastasia aja m'kabokosi ka tsikulo, chilembo chimodzichimodzi. Kabokosiko kanafiira.

"Odi, a Ramsey."

Anali mayi Veronica a nyumba yoyandikana, amene chiyambire maliro amasesa mpaka pakhomo pake osanenapo kanthu. Ananyamula malaya ake atatu, opindidwa kale.

"Ndakuanulirani. Kwada uku."

"Zikomo kwambiri, mayi."

Sanachoke. Anaima pakhonde, manja atawapisa m'chitenje, ndipo madontho oyamba anayamba kugunda malata, amodziamodzi, olemera.

"Inu a makompyuta mumadziwa," anatero motsitsa mawu. "Imeneyi ndi yoopsa? Mwana wanga Tithokoze anabwereratu ku Chilobwe, ali ndi khanda."

Ramsey analandira malayawo. Kumbuyo kwake laputopu inali kudikirabe kuti asankhe, ndipo anaona kuti mayiwo sakuyang'ana iye, ngakhale kumwamba. Akuyang'ana kudutsa madenga onse a Zingwangwa mpaka ku Soche, pomwe chipsera chofiira chimene matope aja anasiya chimatsika pakati pa miyala, mtambo ukuchimeza pang'onopang'ono kuyambira pamwamba.