Bokosi la Elzie ndi Sitima ya Loweruka

Chikalata anachimata pasiteshoni ya ku Chicago mu Okutobala 1968: sitima ya Siliva iyenda komaliza Loweruka likudzali, basi. Ozella Tarver anachiwerenga kawiri, n'kubwerera kunyumba kumene mwamuna wake Elzie anali chigonere mwezi wachitatu, khansa ikumudya m'mimba.

Elzie anagwira ntchito pa Siliva zaka makumi atatu, kuyalira azungu mabedi ndi kuwapukutira nsapato. Analowa sitimayo ili yatsopano, yonyezimira, mphuno yosongoka, ikumeza mtunda wa Chicago mpaka Mississippi tsiku limodzi lokha. Koma akampani, anthu opanda manyazi, anayamba kuipha pang'onopang'ono. Anachotsa bogi yodyeramo, mipando ikang'ambika osasoka, kuti okwera athawe, iwo apeze ponamizira poithetsa.

Anthu akuda obwera kumpoto kudzasaka ntchito akamwalira ankabwerera kwawo pa Siliva yomweyo, bokosi m'bogi ya katundu, wachibale mmodzi atagwira matikiti awiri, yake ndi ya malemu. Elzie anali atamulumbiritsa mkazi wake kalekale: "Ukandiike kwathu ku Larkin, ku Mississippi, pambali pa amayi, ndipo ndipite pa Siliva. Zondiponya m'galimoto ya lole ayi, sindine thumba la mbatata."

Ozella anafuna kubisa nkhaniyo, koma mnzake wa Elzie wa kuntchito, Purvis Gaines, anabwera Lachiwiri ndi pakamwa pake popanda chitseko.

"Achimwene, akuti Loweruka ndi yomaliza. Ngati muli ndi ulendo, pakirani msanga!"

Elzie anaseka mpaka kutsokomola. Purvis atachoka, Elzie anafunsa, "Lero ndi lachingati?"

Adokotala anakaniratu zomukweza wamoyo, akuti sangafike ngakhale pasiteshoni. Ozella anasita suti yakuda yodzamuveka m'bokosi, n'kuibisa kuseri kwa chitseko. Lachinayi Elzie anamwa msuzi mbale yonse, ndipo Ozella, potsuka mbaleyo, anapeza mtima wake utapsa. Wapsera chiyani? Kuti mwamuna wake wadya! Ambuye Yesu, manyazi amene anamugwira mayi uja. Analira atatsegula mpope kuti asamveke.

Lachisanu Elzie anakana chakudya, anakana ndi madzi omwe.

"Abambo, imwani pang'ono chabe."

"Choka nazo, iwe. Ukufuna indisiye?"

Loweruka kunacha Elzie akupumabe. Nyumba yawo inali pafupi ndi njanji, ndipo itakwana naini koloko m'mawa lipenga la Siliva linalira, mawindo n'kunjenjemera monga mwa masiku onse. Kenako phokoso linazilala mpaka kutheratu.

Elzie anatembenuza mutu, milomo itauma gwa.

"Pepa, Ozella. Ndayesetsa, koma mtimawu sukumva."

Ozella anamutukula mutu, n'kumuikira kapu ya madzi pakamwa. Ulendo uno anamwa.