Zithunzi za m'chifuwa cha mwana wanga

Dokotala wamkulu analowa ndi anzake asanu, onse kuunjikana pa kompyuta, kulozerana, maso ali mwee. Mwana wanga woyamba, wowotcherera zitsulo, ali pabedi phee. Zaka ziwiri zapitazo anamudula thumbo chifukwa cha khansa, ndiye mwezi watha atamuunika anapeza chotupa m'chifuwa.

"Kodi mukusangalala chiyani?" ndinafunsa. "Mukuonera mpira?"

"Mayi, khansa ya m'matumbo ikamafalikira imakonda kupita kuchiwindi kapena m'mapapo," anatero dokotala. "Iyi yadumpha zonsezo, yakakhala mu mwanabere mmodzi pakati pa chifuwa. Sizichitikachitika."

"Ndiye ndivine?"

"Ili malo amodzi okha. Tikhoza kuichotsa."

Ndisanapume, anatulutsa pepala loti mwana wanga asaine, kuti zithunzizo akazionetse kwa madokotala ena kumsonkhano.

Ine ndagulitsa nsapato zaka makumi awiri. Munthu akagwira nsapato kawiri ndimadziwa kuti waifuna, ndipo awa anali ataigwira kasanu. Chinanso, mayi wa pabedi loyandikana anali atandinong'oneza kuti mzere wa opaleshoni ndi wa miyezi itatu. Miyezi itatu chinthucho chikungokula? Ndinatsomphola cholembera m'manja mwa mwana wanga.

"Zithunzi mukuzifuna? Opaleshoni sabata yamawa."

"Amayi, mukundichititsa manyazi," anatero mwanayo. "Chifuwachi ndi changa."

"Khala chete iwe, ndinachibereka ndine."

"Mayi, tamverani kaye..." anayamba dokotala.

"Sabata yamawa Lachisanu, sinditsikanso. Mukakana, zithunzi tikupita nazo kunyumba."

Mmodzi mwa anzake aja anatembenukira kukhoma, mapewa akugwedezeka ndi phwete. Dokotala anavula magalasi.

"Pepalali silikhudzana ndi tsiku. Asaine kapena akane, tamulemba kale Lachinayi."

"Lachinayi liti?"

"Mkuja."

"Mkuja weniweniyu?"

"Weniweniyu, hafu seveni m'mawa. Tikadatsatira zanu, bwenzi titamuchedwetsa masiku asanu ndi atatu."

Ndinakuwa mpaka namwino anabwera chothamanga, kuyesa wina wagwa pabedi. Ndinamukumbatira namwinoyo, sindimudziwa n'komwe. Cholembera ndinachiponya pabulangete.

"Ngati ukufuna saina, bambo, asakukakamize munthu!"

Anasaina akupukusa mutu. Ine ndinali kale pakhonde, foni kukhutu, kuuza mpongozi wanga kuti atseke shopu, abwere ndi zovala zochapa, osati mawa, lero lomwe.