Mwana Akwera Ulere

"Kodi panyanja pamakhalanso malire a dziko?" anafunsa Anele.

Amayi ake, Khanyi, maso anali pa foni, ndipo azimayi ena a m'chipereganyu anali pa mkangano wa mtundu wa zipewa zoti adzavale pojambulitsa.

Ulendowo anaupeza ndi Anti Dudu, wapampando wa gulu lawo la ku Umlazi, mayi amene ankadzitama kuti chibadwire sanagulepo chinthu pa mtengo woyamba. Sitima yaikulu inkanyamuka pa doko la Durban Lachisanu, kukaima pa chilumba china cha ku Mozambique, n'kubwerako Lolemba. Inatchipa chifukwa unali mwezi wa Febuluwale, anthu atatha ndalama ndi mayunifolomu, komanso chifukwa ankagona anayi m'kachipinda kopanda windo. Chimene chinamugwira mtima Khanyi chinali chimodzi: mwana woyenda ndi kholo lake akwera ulere. Anele anali ndi zaka khumi ndi chimodzi, ndipo sitimazo ankangoziona zikudutsa patali.

"Anti, mapepala a mwana bwanji?" Khanyi anali atafunsa tsiku lolipira.

"Pasipoti si ali nayo? Basi! Tikwerera pa Durban, titsikira pa Durban. Ukuganiza kuti pamadzi pali mpanda? Lipira, mwana iwe, mtengowu sudikira anthu oganiza kwambiri."

Khanyi analipira. Pasipotiyo inalipodi, ya nthawi ija anapita ku maliro ku Eswatini, iye ndi Menzi, bambo a mwanayo, asanasiyane.

Lolemba la sabata la ulendo, Khanyi anapita kusukulu kukamupemphera mwana tchuthi. Mayi Shezi, aphunzitsi a Anele, anamwetulira.

"Nkhaniyi kalasi yonse ikuidziwa. Akuti akatibweretsera mchenga m'botolo. Nanga kalata ya bambo ake mwatenga kale?"

"Kalata yanji, aphunzitsi?"

Kumwetulira kuja kunatha. Mayi Shezi anamukokera mpando.

"Amake Anele, ine ndimapita ndi atsikana a ntchemberembaye kunja chaka ndi chaka. Mwana akamatuluka m'dziko ndi kholo limodzi, pamafunika chikalata chake chobadwira, ndi kalata ya kholo linalo yovomereza, yodindidwa ku polisi. Dzina la bambo lilipo pa chikalatacho?"

"Lilipo. Koma ife tikungozungulira pamadzi."

"Chilumbacho ndi cha eni ake. Pa doko pamakhala a zolowa ndi kutuluka ngati pa malire ena onse. Nanga tikiti yanu amabweza ndalama mukalephera?"

Khanyi anatsegula foni, n'kuyang'ana pa tikiti. Mawuwo analipo, m'munsi mwenimweni, m'zilembo zazing'ono ngati nyerere. Sabweza. Sasintha tsiku.

"Kutchipa si tchimo," anatero Mayi Shezi mofatsa. "Inenso ndinakwerapo yotchipa. Koma munthu amafunsa asanalipire: chatchipitsa n'chiyani, m'katimo muli chiyani, ndikalephera zitha bwanji, pa chipata akandifunsa chiyani. Muimbireni bamboyo lero lomwe. Akapanda kupezeka, njira ina ndi ya kukhoti, koma kumeneko sathamanga."

Khanyi anali asanalankhule ndi Menzi kwa zaka zitatu. Ankangodziwa kuti ali ku migodi ya ku Rustenburg. Nambala yakale inali yozima. Anaimbira mlongo wake wa Menzi, amene anayamba wafunsa ngati kwagwa maliro, kenako n'kuseka.

"Ndiye mwatikumbuka chifukwa cha sitima, alamu? Chabwino, ndimuuza akatuluka pansi."

Lachiwiri linadutsa. Lachitatu Khanyi anabweza chenje cholakwika kawiri pa shopu imene ankagwira ntchito. Kunyumba ankapeza Anele akuyesa chovala chosambirira pamwamba pa yunifolomu, ndipo iye ankalowa kubafa kukayang'ananso foni.

Anti Dudu anabwera ndi nzeru ina.

"Iwe ndiye wopepera. Mlamu wanga alemba dzina la Menzi, n'kusaina. Ndani akudziwa kalembedwe ka Menzi? Mwini wakeyo amakadziwa?"

"Anti, akandigwira?"

"Ukalire. Apolisi amaopa mayi wolira."

"Mwana wanga akuonerera?"

Anti Dudu anakonza chipewa chawo. "Ine ndimangothandiza," anatero.

Menzi anaimba Lachinayi madzulo. Mawu ake anali okalamba kuposa mmene Khanyi ankawakumbukira.

"Akuti ukufuna dzina langa."

"Ndi za mwana, Menzi. Upite ku polisi, usaine, unditumizire pa foni pamodzi ndi chithunzi cha chitupa chako. Sitima ndi mawa."

"Mawa ndikulowa pansi m'mamawa. Ndiponso chitupa chinatayika, ndikudikira china." Kenako anafunsa, "Watalika bwanji?"

"Ndani?"

"Anele."

"Wandifika pa phewa."

"Ndikanasaina, Khanyi. Ukanandiuza kale, ndikanasaina."

Khanyi anafuna kumukumbutsa zinthu zambiri zimene iyenso akanachita kale, koma mwana anali ataima pakhomo la khitchini, akumvetsera. Anangodula foni.

Lachisanu anapitabe ku doko. Anti Dudu anali atanena kuti nthawi zina safunsa. Mzere unali wautali, dzuwa likuswa mtengo, ndipo Khanyi ankawerenga nkhope ya mayi woona mapepala pa tebulo la a zolowa ndi kutuluka ngati mmene wodwala amawerengera nkhope ya dokotala. Mayiyo anatsegula pasipoti ya Anele, n'kuyang'ana chikalata chobadwira.

"Kalata ya bambo?"

Anti Dudu anayamba kufotokoza za amuna a masiku ano. Mayiyo anamvetsera mwaulemu mpaka kumapeto, n'kubweza mapepalawo.

"Pepani, mama. Inu mukhoza kukwera. Mwanayu ayi."

Azimayi a zipewa zachikasu analowa mmodzimmodzi, aliyense akumugwira Khanyi pa mkono ngati pa siwa. Anti Dudu analowa pomaliza, osacheuka.

Anele sanalire. Anakhala pa chikwama chake kunja kwa mpanda mpaka sitimayo inalira, n'kuyamba kusuntha.

"Adadi anakana?" anafunsa.

"Sanakane."

"Nanga?"

Khanyi anavula chipewa chachikasu, n'kuchipinda pakati.

"Nyamuka. Tikukakwera basi ya ku Rustenburg, kwa adadi ako."

Phunziro: Safunsa anadya phula. Ulendo wotchipa ulipo ndithu, koma musanalipire funsani chimene chautchipitsa, ngati ndalama zimabwezedwa, ndi mapepala amene aliyense adzafunsidwe pa chipata, makamaka a mwana.